Mwendo Umene Anakaukwirira

Pa benchi yodikirira mankhwala kuchipatala, bambo wina woyendera ndodo ankakanda m'malere, kumunsi kwa bondo komwe buluku lake analipinda. Mayi amene anakhala naye pafupi analephera kuugwira mtima.

"Pepani bambo, mukukanda chiyani pamenepo?"

"Pakakolo, mayi. Pakundiyabwa."

"Komatu mwendowo palibe."

"Anaudula chifukwa cha shuga, achimwene anakaukwirira kumanda. Adokotala akuti mitsempha imatumizabe uthenga ku ubongo, ndiye ubongowo sudziwa kuti mwendo unapita."

"Basi ndi mitsempha imeneyo. Musadandaule."

"Inenso ndinkatero. Mvula ikagwa msongolo nkuzizira, ndinkati mitsempha. Nyerere zikamayenda m'zala, ndinkati mitsempha. Koma sabata ino chidendene chayamba kuponda pansi."

"Kuponda bwanji?"

"Kuyenda, mayi! Ine ndili chikhalire chonchi. Dzana chinali m'matope, dzulo pa miyala yakuthwa."

"Mwawauza adokotala?"

"Ndikawauze chiyani? Miyala imeneyo ndikuidziwa ine. Ili pakanjira kochokera kumanda kupita kumsewu."

"Nanga lero?"

"Lero chaima. Chaponda pa simenti yozizira, ngati iyi tapondayi."