Overton Namakhwa, Mmisiri Amene Anasowa Kobwerera

Malemu Bambo Overton Namakhwa anabadwa pa 9 Ogasiti 1952 m'boma la Chiradzulu, kumunsi kwa phiri. Anali mwana wamwamuna yekhayo pakati pa alongo anayi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Boniface, mphwawo, mwana wa mlongo wawo Mayi Annie, ndipo ndikuyankhula m'malo mwa banja lonse.

Anayamba sukulu mu 1960 ndipo analekezera Sitandade 7. Ali mnyamata ankaona munda wa mayi awo ukudulidwa chaka ndi chaka. Mlongo akakwatiwa, ankamupatsa chigawo chake. Kwathu munda umatsata ana aakazi, mwamuna amakalima kumene wakwatira. Koma midzi yonse yozungulira inali itayamba kuthithikana, anthu akulima mpaka m'mphepete mwa msewu ndi m'matanthwe a phiri. Mu 1970 malemu ananyamuka kupita ku Limbe kukaphunzira ntchito yomanga nyumba.

Mu 1974 kampani imene ankagwirako ntchito inawatumiza kuno ku Mzuzu. Anawauza kuti ndi ntchito ya nyengo imodzi, ndipo anabwera ndi kasutikesi ndi bulangeti limodzi, osadziwa kuzizira kwa kuno. Ankakonda kusimba kuti nthawi imeneyo munthu ukayenda pang'ono kuchoka m'tauni umalowa m'nkhalango, ndipo aliyense wokumana naye pamsewu umamudziwa dzina. Ntchito ija itatha panabwera ina, itatha imeneyo panabweranso ina. Anthu ankafika kuchokera ku Chitipa, ku Karonga, ku Nkhata Bay, ku Mzimba, ena ku Kasungu ndi kummwera, ndipo aliyense ankafuna denga. Nyumba zambiri za ku Katoto ndi ku Msongwe zinadutsa m'manja mwa malemu.

Pa 15 Julayi 1978 anamanga ukwati ndi Mayi Dinah NyaChavula a ku Rumphi, amene anakumana nawo kukwaya. Akuchikazi anawalandira bwino chomene, ndipo malemu analowola monga mwa mwambo wa kuno. Chitumbuka anachiphunzira, ngakhale mpaka kukalamba ankachiyankhula mwa Chiradzulu, adzukulu n'kumawaseka.

Mu 1981 anapeza malo ano a ku Lupaso. Anali malo otakasuka. Kumene mwakhala azimayi uko kunali nthochi, ndipo kumunsiku kunali dimba lotsikira kumtsinje. Kuyambira m'ma 1990 ana a alongo awo anayamba kufika mmodzimmodzi, chifukwa kumudzi kunalibenso polima. Ine ndinafika mu 1993. Malume sanabweze aliyense. Ankangoyenda nawe kuseri, n'kuloza pansi ndi phazi, n'kunena kuti, "Manga apa, njerwa tiumbira limodzi." Ana awo atakula nawonso anamanga. Oyandikana nawo anagawa malo awo kwa obwera, ndipo obwerawo ankalemba ntchito malemu omwewa kuti awamangire nyumba ndi mipanda. Nthochi zinatha, dimba linatha, ndipo njira imene kale galimoto inkafikira pakhomo inasanduka kampata kamene mwadutsamo m'mawa uno mmodzi kutsogolo wina kumbuyo.

Mu 2009, msana utayamba kukana makwerero, anapuma pantchito. Mtima wawo wonse unali wobwerera kwawo. Anagula mbewu, anasula makasu awiri, ndipo anatsanzika kumpingo. Atafika ku Chiradzulu, mayi anga anawayendetsa pamalo onse a makolo. Munda uja unali utagawidwa kwa alongo, alongo anagawira ana awo, ana aja anagawiranso awo, mpaka wina anangotsala ndi mizere yoti akhoza kupalira asanamwe tiyi. Pamene panali nyumba imene malemu anabadwiramo panali khitchini ya mdzukulu amene sankawadziwa n'komwe. Mayi anga anakhala pansi n'kuyamba kulira. Anati, "Achimwene, mwaona nokha. Ndikuikeni pati?" Malemu sanakwiye. Anawasiyira mbewu ija n'kukwera basi.

Chaka chotsatira anayesa kwa akazi awo ku Rumphi. Alamu awo anawaphera nkhuku, anawalemekeza, koma anawafotokozera mwaulemu kuti kumeneko malo amatsata ana aamuna, ndipo nawonso anyamata achuluka moti akukanganirana madambo. Anawabwereka munda kwa dzinja limodzi, mwini wake atabwera kuchokera ku Joni anaubweza. Apa m'pamene malemu anazindikira kuti kwawo malo ndi a alongo, kwa akazi awo malo ndi a alamu, ndipo ana awo alibe mudzi mbali zonse ziwiri. Anabwerera ku Lupaso. Amene anatsanzikana nawo kumpingo anachita manyazi kuwafunsa, ndipo iwonso sanafotokoze. Anangokhalanso pabenchi yawo yakale.

Mu 2018, pa nthawi ya kalembera wa anthu, kunabwera mtsikana wowerenga n'kuwafunsa boma limene anabadwira. Amayi NyaChavula akunena kuti malemu anaseka pang'ono n'kuyankha kuti, "Lembani Chiradzulu, mwanawe. Koma musakawauze, angadandaule kuti mwawawonjezera munthu." Mtsikanayo anaseka nawo. Atachoka, malemu analowa m'nyumba ndipo tsiku limenelo sanadye.

Pa 3 Malichi 2021 anagwa pakhonde ndi matenda a sitiroko. Galimoto imene tinaitana inaima kumsewu chifukwa inalibe polowera. Tinawanyamula pachitseko, ndipo pokhota pakona ya mpanda tinachita kupendeketsa chitsekocho iwo akubuula. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa. Mpingo unawapezera njinga ya olumala, koma njingayo sinkakwana m'kampata kaja. Kuyambira pamenepo, munthu amene anazolowera kuona Mzuzu yense ali pamwamba pa denga anakhala m'chipinda chimodzi. Windo la chipindacho limayang'ana khoma la nyumba yoyandikana, khoma limene anamanga okha. Dzuwa linkalowamo kanthawi kochepa masana. Amayi NyaChavula ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa zaka zonsezi osadandaula. Madzulo malemu ankapempha kuti tiwatsegulire chitseko kuti azimva ana akusewera, ndipo ankafunsa kuti, "Ameneyo ndi mwana wa yani?" Nthawi zambiri ifenso sitinkadziwa.

Mwezi wathawu chifuwa chinawagwira kwambiri. Ali m'chipatala anandiitana pamodzi ndi mwana wawo woyamba, Bambo Fyson. Kuyankhula kunali kovuta, koma tinamva bwinobwino. Anati, "Munda ndinalephera. Koma pogona pokha, mukandiike pafupi ndi mayi anga." Tinawalonjeza. Anatisiya Lachiwiri pa 11 Juni 2024, dzuwa litangotuluka.

Abale ndi alongo, ambiri mwakhala mukufunsa chifukwa chake thupi silikupita kumudzi. Tsiku lomwelo tinaimba foni. Achibale anapita kumanda ndi okumba, anayang'ana, anabwerako. Mbali zonse za manda a agogo kunagona kale anthu ena. Manda onsewo anadzaza, chimanga chinafika mpaka m'malire, ndipo okumba akuti akalowetsa khasu akumapeza amene anatsogola. Manda atsopano ali kutsidya la mtsinje, pamalo amene malemu sanapondepo. Tinakhala pansi mbali zonse ziwiri. Amayi NyaChavula ndi amene anamaliza nkhaniyi. Anati, "Ngati sakagona ndi amama awo, asiyeni kuno, ndiziwayendera." Choncho tikawaika kuno ku Mzuzu masana ano.

Malemu asiya akazi awo Mayi Dinah NyaChavula. Asiya ana asanu: Bambo Fyson ndi Bambo Marvin amene ali pakhomo pano, Mayi Mildred a ku Lilongwe, Mayi Temwani a ku Karonga, ndi Wiza amene ali ku Joni ndipo walephera kufika. Asiya adzukulu khumi ndi atatu, zidzukulutudzi ziwiri, ndi mlongo mmodzi, Mayi Annie, amene ayenda ulendo wonse uja ndi miyendo yotupa ndipo akhala apo pafupi ndi bokosi.

Tikuthokoza abusa ndi akulu a mpingo, amayi a chigwirizano amene ankabwera kudzaimba m'chipinda chija, madokotala ndi anamwino, amisiri anzawo, ndi anansi amene mwatsegula mabwalo anu kuti anthu apeze pokhala. A kwa Chavula, yewo chomene, munatisungira malume athu.

Malume, inu simunabweze aliyense wa ife. Munatipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo talephera. Mutikhululukire. Mulungu amene simunaleke kumuimbira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.