Thumba Limene Ndinamanga pa Chikwangwani

Ine, Fabian Chalwe, wa zaka 41, wokhala ku Kabwata, kalipentala komanso tcheyamani wa sekishoni yathu ya Chipani, ndikunena izi pano papolisi:

Kuyambira 1977 takhala tikupempha khonsolo kuti itsitse liwiro la magalimoto pa msewu wathu wopita kumsika. Makalata onse asanu ndinalemba ndine, mpaka anthu kumandiseka kuti "ba Chalwe a makalata". Khonsolo inavomera makilomita 30 pa ola. Lolemba pa 8 Okutobala 1979 anadzazika chikwangwani cha liwirolo pafupi ndi mpopi, mapazi makumi anayi kuchokera pakhomo panga.

Kwathu kuno chinthu chatsopano sichiyamba ntchito akuluakulu asanachitsegulire. Mwambo wotsegulira chikwangwanicho unali wa Loweruka, ndipo amayi a Chipani anali atayamba kale kuphunzira nyimbo. Ndiye ndinatenga thumba la ufa, n'kuphimba chikwangwanicho, n'kumanga ndi waya. Mkazi wanga Beatrice anati, "Nanga magalimoto nawo adikira Loweruka?" Ndinamukalipira kuti za Chipani sazidziwa.

Lachinayi pa 11, cha m'ma 4 koloko madzulo, ndinali kupala chitseko pabwalo. Eness, mwana wathu mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anapita kumpopi ndi kachidebe. Minibasi yobiriwira inatulukira kuchokera ku tauni ili pa liwiro loopsa. Ndinamva mabuleki, kenako kachidebe kakugubuduzika pa tala. Mwanayo anagwera mapazi khumi kuchokera pa chikwangwani. Ndinamunyamula ndine. Tisanafike kuchipatala anali atatisiya.

Dalaivala, amene ndamva kuti ndi Amock Kunda, sanathawe. Anagwada m'fumbi, nati, "Ba tata, sininaone chikwangwani chilichonse." Anthu anatola miyala. Ndinawaletsa.

Bwana, lembani kuti ankathamanga, zimenezo n'zoona. Koma lembaninso kuti munthuyu sakunama. Akanachiona bwanji? Waya uja ndinamupota katatu ndi pulayala yanga, kuti mphepo isatichititse manyazi alendo asanafike. Mayo ine, mtima ukundipweteka, sindikudziwa kuti ndiulozetse kuti. Chibwerere kumanda Beatrice sanandikumbutse n'komwe mawu ake aja. Bola akanandilalatira.

Loweruka akuluakulu anabweradi, koma anabwera kumaliro.

Thumbalo ndinalichotsa ndekha. Ndi ili ndaika patebulo panupa, ndi waya wake yemwe.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wosaina: F. Chalwe
15 Okutobala 1979