Ndabwera Kudzaona Impso Yanga

Patatha milungu itatu telala ataikidwa impso ina kuchipatala, mkulu wake, yemwe anapereka impsoyo, anatulukira ndi jumbo ya malalanje, mamina ali chuchuchu. Mkazi wa telala anamutsekereza pakhonde atavala masiki, pepala la adokotala lili m'manja, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi.

"Odi! Ndabwera kudzaona impso yanga."

"Siioneka, alamu. Anasoka."

"Ndikunena mwini wakeyo."

"Mwini wake ndi uti? Si mwati ndi yanu?"

"Aaa, musandizunguze mutu. Mng'ono wanga! Tapatukani."

Anaponda sitepe imodzi. Mayi uja anatambasula tepi pansi.

"Mamita awiri. Bwererani. Pang'ononso. Mimba yadutsa mzere."

"Mimbanso mukuyeza?"

"Pepalali silinanene kuti mimba ndi yapadera."

Mkulu uja anati ayankhe, koma anayetsemula mwamphamvu mpaka galu wa aneba anauwa.

"Mwayezetsa korona?"

"Korona wa chiyani? Ndi fumbi ili. Ine korona anandigwira chaka chatha, masiku awiri okha anathawa yekha. Impso imeneyo inali pomwepo, ikuona zonse. Ndi msilikali."

"Asilikali panopa tawagoneka."

"Mwawatani?"

"Mapiritsi amene amuna anga akumwa amafooketsa dala chitetezo cha m'thupi, kuti thupi lisalimbane ndi mlendo. Ndiye kachimfine kanuko, kwa iwo ndi chibayo. Mpaka kupumira m'makina."

"Mlendo ndi ndani?"

"Impso."

"Ha! Impso yanga mlendo? Zaka makumi asanu ili m'banja lino! Inu munabwera liti? Mlendo ndi inu!"

Mayi uja anayendetsa chala papepala, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Ine sindinalembedwepo. Palembedwa otuluka mamina, oyetsemula ndi otentha thupi. Inu mwakhoza ziwiri."

"Tsiku londing'amba lija, tepi yanuyo inali kuti? Taonani apa!" Anakweza malaya, n'kuloza chipsera cha m'nthiti.

Mayi uja anasuzumira ali patali, diso limodzi atatsinzina.

"Anasoka bwino, koma ulusi wapindika kumapetoko. Tsitsani malaya, anthu akudutsa."

"Chabwino. Ndingomupatsa moni wa pamanja, basi."

"Manja ayi."

"Ndimukumbatire ndiye, manja ndiika kumbuyo."

"Mphuno muika kuti?"

"Mayi inu! Amene uja ndinamubereka kumsana ine, akundikodzera. Lero mukuti ndingamudwalitse?"

"Nthawi imeneyo ankakodza ndi impso zake."

Mkulu uja anaponya jumbo pansi, malalanje n'kumwazika.

"Basi! Ngati zili choncho, ndibwezereni impso yanga ndizipita!"

Mayi uja anatembenuza pepala, n'kuwerenga kuseri modekha.

"Za kubweza palibe. Koma pali za ikafa."

"Akafa ndani?"

"Impso. Akuti korona akavuta, adokotala amachepetsa mapiritsi aja. Asilikali akadzuka, akhoza kuikana. Zikatero pafunika ina."

"Eya, akagula."

"Sagulitsa. Ndinafunsa. Anati m'banja lonse, amene thupi lake linagwirizana ndi lawo ndi inu nokha." Anapinda pepala, n'kuyang'anitsitsa m'chiuno mwa mlamu wake. "Yatsalayo ili mbali iti, alamu?"

Mkulu uja anagwira m'nthiti ndi manja onse awiri.

Nthawi yomweyo windo la kuchipinda linatseguka, telala n'kutulutsa mutu, wowonda koma akumwetulira.

"Achimwene! Ndi inu? Bwanji mwaima padzuwa? Talowani!"

Mkulu uja anavula chipewa, n'kutseka nacho kukamwa ndi mphuno, akubwerera chafutambuyo mpaka anagunda geti.

"Tseka windo, chitsiru iwe! Ukufuna kutipha tonse awiri? Alamu, munthu ameneyu mukumulondera bwanji kodi?"