Woitanira Sitima

Kinsley, woitanira minibasi pa siteji ya Mwanza Boma, atangomva kuti kukubwera sitima yonyamula anthu, anatukwana tcheyamani wa siteji n'kusiya ntchito. Mkazi wake atamuuza kuti asaponde pakhomo asanapeze ina, anathamangira kwa mlamu wake Timoti, wotchetcha udzu m'mbali mwa njanji ya malasha, munthu woti nthabwala zimamudutsa pamwamba.

"Alamu, mukandilankhulire kwa mabwana anu. Kholingo ndili nalo, tamverani: Nkaya-Liwonde! Nkaya-Liwonde! Mmodzi yekha!"

Timoti anatembenuka uku ndi uku. "Mmodzi yekha watani?"

"Watsala kuti tinyamuke!"

"Sitima siidikira kudzaza. Nthawi ikakwana, yapita."

"Yopanda anthu?"

"Ngakhale yopanda anthu."

Kinsley anaomba m'manja. "Mwaona! Ikufunika ine imeneyo. Ndikhazika anyamata anga m'mawindo kuti ioneke yodzaza. Dalaivala azingoiliza, kuisuntha pang'ono, kubwerera m'mbuyo..."

"Ikasuntha yapita, alamu."

"Nanga mayi wa dengu la manachesi akaiimika panjira?"

"Imudutsa."

"Ndimenya chitseko, pha pha pha! Iima."

"Dalaivala amakhala kutali, ngati pano ndi kuchipatala. Mungothyoka dzanja."

"Chabwino. Mpando wa atatu tipanikizepo anayi."

"Aliyense ndi mpando wake."

"Mbuzi kunsi kwa mpando?"

Timoti anaganiza kwambiri. "Mbuzi sanaitchule."

"Aaa, anthu amenewa transipoti sakuidziwa! Agwa nayo. Ndiperekezeni pompano, ndikawaphunzitse. Ofesi yake ili kuti?"

"Sanamange."

"Siteshoni?"

"Pali chikwangwani. Ndimatchetchapo ineyo."

"Nanga sitimayo ikufika liti?"

"Posachedwapa. Akuluakulu ananena pa wailesi."

"Ananena liti?"

"Koyamba Miracle wanga akuyamwa."

"Miracle wa sitandade foloyu?"

"Yemweyo. Chaka chatha akuluakuluwo anabweranso ndi magalimoto, azimayi anavina, anati kwangotsala pang'ono. Ine chikwama ndinalongedza kale. Apongozi ku Liwonde akudandaula kuti sindiwayendera, koma ndikwererenji minibasi poti sitima yatsala pang'ono?"

"Simunakwiyepo?"

"Ndikwiyirenji? Anati ndisachoke, ndingaphonye malo."

Kinsley anavula kapusi pang'onopang'ono, n'kuigwira pachifuwa ngati ali pamaliro. Anamuyang'ana mlamu wakeyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, siyani chikwakwacho. Tiyeni mukandithandize kugwada kwa tcheyamani, apo ayi lero ndigona m'ngalande."

"Nanga ntchito ya kusitima ija?"

"Analemba kale ena, akatswiri enieni. Ine ndikamusunga munthu ola limodzi amafuna kundimenya, komatu minibasi akuiona ndi maso. Awa akusungani zaka zonsezi, galimoto yake kulibe, inu n'kumawavinira!"