Mapepala Obooka a Mayi Marita Eliya

Malemu mayi athu, a Marita Eliya, anabadwa pa 14 Malichi 1951 m'mudzi mwa Chamadenga, kwa Kabudula. Sukulu anangoilawa chaka chimodzi, cha 1960, chifukwa mayi awo atamwalira, iwo ndiwo anatsala ndi ntchito yolera azing'ono awo.

Pa 8 Ogasiti 1970 anamanga banja ndi bambo Misheck Eliya, mlimi wa fodya. Mu 1983 anayamba kugulitsa zitumbuwa pamsika wa Nsaru, ndipo ankakulungira m'nyuzipepala zakale zimene sankatha kuziwerenga. Zimenezi zinkawapweteka, ndipo sankabisa.

Mu 1992, ali ndi zaka 41, analowa sukulu ya kwacha. Tsiku lina akukulungira wogula chitumbuwa, anazindikira okha liwu limodzi papepalapo, liwu lakuti mtima. Wogula uja anadikira mpaka chitumbuwa chinazizira, iwo akulondola mzere wonse ndi chala. Nkhaniyo inkauza alimi kuti akhazike mtima pansi, mvula ibwera. Mawa lake anapeza ina, ya anyamata a mpira amene anataya mtima, kenaka ya mayi wina amene anapsa mtima pabwalo la milandu. Zinawadabwitsa kuti liwu lomwelo, limene tonse timalitchula osaliganizira, olemba nkhani akale ankalituma ntchito zambiri chotere.

Kuyambira pamenepo pepala silinkakulunga kanthu asanaliwerenge. Akapeza liwu lawo ankadula mzerewo ndi sizasi, n'kumata m'kope ndi phala la chinangwa. Kusweka mtima kunali ndi masamba ake, kukoma mtima akenso, ndipo mitima iwiri inadzaza theka la kope. Inu a ku Nsaru ndinu mboni, chifukwa mwadya zitumbuwa za m'mapepala obooka zaka makumi atatu, mafuta akudonthera pamalaya, koma simunasiye kugula. Makopewo anafika asanu ndi anayi.

Bambo Eliya andiloleza kuti ndinene izi: iwo ntchitoyi sankaiona ngati ntchito. Ankati makopewo angoitana mbewa m'nyumba. Mu 1995, asanasiye kusuta, anapichirira chingambwe ndi pepala limene mayi anali atasunga, la m'ma 1970, ndipo m'nyumba munalibe kulankhulana sabata yathunthu. Mayi anakhululuka, koma nkhawa inatsala. Kangapo konse anauza mwana wawo Olive kuti tsiku limene iwo adzatseke maso, makope aja adzathera kukolezera moto, popeza panyumba panalibe wina wowasamala.

Pa 3 Juni 2024 anagwa ali kudimba, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala cha ku Namitete, kumene anatiuza kuti ndi sitiroko. Anabwerako osatha kulankhula. Masiku oyamba ankangoloza kuchipinda, misozi ili m'maso. Ife tinawabweretsera madzi, bulangeti, buku la nyimbo, zonse anakana. Amene anamva chimene ankafuna ndi bambo. Analowa, natulutsa kope loyamba, nabwereka magalasi kwa alamu awo a Mathias, nakhala pambali pa mphasa n'kuyamba kuwerenga mokweza, mojejema ngati mwana wa sitandade 2. Akaphonya liwu, mayi ankawamenya pabondo ndi dzanja limene linkagwira. Anachita choncho masana alionse, nazale ya fodya ikudikira, mpaka anatsiriza kope lachisanu ndi chinayi Lachiwiri lapitali. Mayi anatisiya Lachisanu, pa 9 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 73. Zatipweteka kwambiri.

Dzulo amayi osambitsa anafuna kuika sizasi ija m'bokosi kuti apite nayo. Bambo akana. Akuti kuseri kwa chitseko kwatsala thumba la mapepala osawerenga, ndipo kope lakhumi agula kale. Apempha kuti amene muli ndi nyuzipepala zakale kunyumba musayatsire moto, muziwapatsa.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, a Olive, a Hopeson, a Kettie ndi a Gabriel, zidzukulu khumi ndi zitatu ndi zidzukulutudzi ziwiri. Tikuthokoza mafumu, abusa ndi amayi a Chigwirizano, anamwino a ku Namitete, adzukulu okumba manda, ndi anzawo a pamsika amene atseka malonda lero.

Mayi, makope anu ali m'manja abwino. Usani mumtendere.