Nthongo Imene Sindinameze

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse. Ndilankhula Chichewa kuti aphunzitsi ndi apolisi amene tili nawo pano amve nawonso. Ndikufuna kuchitira umboni.

Mukundidziwa. Ndine uja anathawa sukulu atathyola ndodo ya ahedi. Uja anakankhira wa Yufi m'matope pa Chintheche pa nkhani ya khadi la chipani. Sekani, zinachitikadi. Munthu kundiuza kuti "usatero", magazi ankandiwira pompo.

Ndiye kukoka khoka kunanditulutsira chotupa pansi pa mimba. Adokotala kuchipatala anati palibe kuchitira mwina, andigoneka ndi mankhwala, andicheke. Anandilamula kuti: kuyambira madzulo, osadya, osamwa, ngakhale madzi.

Mmawa wa tsikulo ama, mayi anga, anafika kuchokera ku Tukombo, kondowole ndi usipa atazibisa m'chitenje. Kwathu munthu sanyamuka ulendo ndi njala, si choncho amayi? Ndipo ama ankaona ngati ulendo uwu sindibwerako. Anandinong'oneza kuti, "Idya mwana wanga. Ukapita wopanda kanthu m'mimba, ndidzawauza chiyani atate ako kumene aliko?"

Ndinatema nthongo. Ndinasunsa. Inafika apa, abale, apa pamlomo!

Dzanja linandigwira pamkono. Anali bambo wogoneka odwala ndi mankhwala asanachekedwe, wa ku Dedza, wamfupi, woti ndikanamunyamula ndi dzanja limodzi. Ndinakuwa wodi yonse kumva: "Mukufuna ndife ndi njala? Chakudyachi mwalima ndinu?" Chibakera ndinali nditakunga kale.

Iwo sanasunthe. Anangofunsa, "Achimwene, ndinu msodzi?"

Ndinati eya.

"Munavuulapo munthu womira?"

Ndinakumbuka. Ndinavuulapo mnzanga pa Kande, ndi manja anga omwewa.

"Tikakugonekani, pakhosi pamagonanso. Nthongoyi idzabwerera, idzalowa kopumira. Mudzamira, achimwene. Pamtunda, patebulo pouma, ine ndikuona."

Kumira pamtunda! Nthongo inagwa yokha. Ama anamanga chitenje chawo akulira, koma sanachoke.

Anandikankha pa kabedi kamatayala, ine wosalola kugwidwa ndi munthu. Anandifunsa ngati ndili ndi dzino logwedera, ngati ndimasuta. Kenako anandiphimba mphuno ndi chinthu chonunkha ngati sipiliti. Ndinati, Chiuta, ndikutsika m'madzi amene sindidziwa kusambira kwake. Mawu a anthu anapita kutali, kutali, monga amamvekera ukamira pansi kukamasula ukonde wokodwa.

Nditatsegula maso ndinayamba kukalipa: "Nanga muyamba liti? Mundisunga pano mpaka liti?" Anesi anaseka mpaka kugwira khoma. Anati, "Tayang'anani pamimba."

Bandeji. Zonse zinali zitatha.

Abale, mpaka lero ndikaganiza ndimadabwa. Anandicheka, ine kulibe. Anandisoka, ine kulibe. Ukali wanga kulibe, zibakera zanga kulibe. Nanga ankandipumira ndani? Mtima uwu ankauyendetsa ndani? Ine ndinkayesa kuti moyo ndimausunga ndi mikono iyi. Alipo amene sanagone pamene ine ndinagona.

Yewo, Chiuta. Yewo chifukwa cha dzanja la bambo wa ku Dedza lija.

Ama, imirirani akuoneni. Ndi awo. Tsiku limene anandilola kudya anabweranso ndi chitenje chomwe chija, ndipo asanamasule anapita okha kukafunsa anesi. Ndinadya, anthu inu, ndinadya!

Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane!