Chitenge cha ba ticha

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Chilenje. Mwana wanga wamkazi wa giredi folo amadwala khunyu.

Kusukulu kwawo kuli lamulo lakuti polembetsa, kholo linene matenda a mwana. Apongozi anga anandiletsa, amvekere, "Mukanena adzamupitikitsa." Ndinanenabe, mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina anagwa pa asembule. Anzake anabalalika akukuwa kuti malovu ake amapatsirana. Ba ticha ake, poti ankadziwa kale, anamugoneka chammbali, n'kumupukuta thovu ndi chitenge chawo, kenako anandiimbira foni.

Nditafika, ndinapempha chitengecho kuti ndikachiwotche, ndiwagulire china. Iwo anangoseka. "Amake mwana, muwotcherenji? Ni sopo chabe."

M'mawa mwake mwana anakana kupita, kuopa kusekedwa. Ndinachita kumukoka dzanja mpaka pageti. Tinawapeza ba ticha ataima pomwepo, atavala chitenge chomwe chija, ana onse akuona. Kuyambira tsikulo mwana wanga sanakhalepo yekha padesiki.

Makolo anzanga, musabisire sukulu matenda a mwana. Ba ticha, ngati mukumvera, amene andituma kuti ndikuthokozeni ndi apongozi anga aja.